Usiku Umene Munthu Anayeza Nyenyezi

Usiku wa pa 13 Disembala, 1920, pa phiri la Mount Wilson ku California, m'dziko la America, Francis Pease analozetsa makina oonera zakuthambo ku nyenyezi yofiira yotchedwa Betelgeuse. Kufikira tsiku limenelo, panalibe munthu amene anayezapo kukula kwa nyenyezi iliyonse kupatula dzuŵa. Ngakhale m'makina amphamvu kwambiri, nyenyezi inkaoneka ngati kadontho chabe.

Nzeru yake inachokera ku mafunde. Miyala iŵiri ikagwera m'dziŵe, mafunde ake pokumana, pena amakwezana, pena amafafanizana. Kuŵala nakonso kumayenda ngati mafunde, ndipo kukagaŵidwa paŵiri n'kukumananso, kumapanga mizere yoŵala ndi yakuda. M'chaka cha 1868, Hippolyte Fizeau wa ku France ananena kuti mizere imeneyi ingathe kuulula kukula kwa nyenyezi.

Albert Michelson ndiye anagwiritsa ganizoli. Mu 1891 anayeza nalo miyezi yozungulira Jupiter. Mu 1920, iye ndi Pease anaika mtanda wachitsulo wotalika mamita 6 pamwamba pa makina aakulu a pa phiripo, ndipo pa mtandawo anaikapo akalilole anayi. Akalilole aŵiri akunja atatalikirana pafupifupi mamita 3, mizere ija inasoŵa pa Betelgeuse, koma pa nyenyezi zina inkaonekabe.

Chifukwa chake n'chakuti mbali iliyonse ya nyenyezi imaŵala payokha, mosagwirizana ndi inzake. Akalilole akatalikirana, mizere yoŵala ya mbali imodzi imagwera pa mizere yakuda ya mbali inayo, zonse n'kuzimirira. Nyenyezi ikakhala yooneka yaikulu, mizere imasoŵa msanga. Motero akatswiri aŵiriwo anapeza kuti Betelgeuse njotambalala makilomita pafupifupi 386 miliyoni. Amene anayeza pambuyo pake anapeza kuti njaikulu koposa pamenepo.

Masamu a njirayi anawalongosola Pieter van Cittert mu 1934 ndi Frits Zernike mu 1938. Pa maziko ameneŵa, akatswiri anaphunzira kuŵerenga m'mizereyo maonekedwe a chinthu choŵala, mitundu ya kuŵala kwake, ngakhalenso kuyandikira kapena kutalikira kwa mbali zake, popanda kuchiunika ndi nyali iliyonse. Iwo amangolandira kuŵala kumene chinthucho chikutulutsa.

Mu 2007, makina a CHARA, amene ali pa phiri lomwelo, anajambula nkhope ya nyenyezi yotchedwa Altair, nasonyeza kuti njofufuma pakati chifukwa chozungulira mofulumira kwambiri. Kamene kanali kadontho kanaoneka ngati dzuŵa lina.