Gitala ya besi: nsambo zinayi, zisanu kapena zisanu n'imodzi?

Munthu wofuna kugula gitala ya besi masiku ano amakumana ndi funso limene oimba a m'zaka za m'ma 1960 sankavutika nalo kwenikweni: atenge ya nsambo zingati? M'masitolo a zida zoimbira, komanso pa intaneti pomwe anthu amagulitsana zida zogwirapo kale ntchito, mumapezeka magitala a nsambo zinayi, ena zisanu, ena zisanu n'imodzi. Ambiri ongoyamba kumene amaganiza kuti kuchuluka kwa nsambo ndiye chizindikiro cha ukatswiri, moti wina amachita manyazi kukwera pansanja ndi gitala ya nsambo zinayi pamene mnzake wa bandi ina wanyamula ya khosi lotambalala ngati thabwa la chitseko. Zoona zake n'zakuti nsambo yoonjezera ili ndi ntchito yake yodziwika bwino, yoti n'kuiwerenga ndi zala, ndipo imabwera ndi mtolo wake m'thumba, paphewa ndi m'manja.

Chimene nsambo iliyonse imapereka

Besi ya nsambo zinayi imatchunidwa pa manoti a E, A, D ndi G, kuyambira nsambo yonenepa kwambiri kufika yowonda. Manoti amenewa ndi omwewo a nsambo zinayi zonenepa za gitala wamba, kungoti pa besi amamveka motsika ndi okitevu imodzi. Nsambo ya E ikakhudzidwa popanda kuidina imanjenjemera ka 41 pa sekondi iliyonse, ndipo apa ndi pomwe liwu la gitalayi limalekezera kutsika.

Ya nsambo zisanu nthawi zambiri imaonjezera nsambo ya B, yonenepa kuposa ya E, imene imanjenjemera pafupifupi ka 31 pa sekondi. Apa wogula ayenera kumvetsa bwino: nsambo yonseyi imabweretsa manoti atsopano asanu okha, omwe ndi E flat, D, D flat, C ndi B. Mukadina pa fureti yachisanu ya nsambo ya B mumapeza E yemwe uja wa gitala ya nsambo zinayi, ndipo kuchokera pamenepo noti iliyonse ndi yoti inalipo kale. Phindu lachiwiri la nsamboyi, limene oimba ambiri amati ndilo lalikulu, n'lakuti dzanja lamanzere siliyendayenda. Manoti monga F ndi G, amene pa besi ya nsambo zinayi amafuna kuti mkono utambasukire kumapeto kwa khosi komwe mafureti ndi otalikirana, amapezeka pakati pa khosi pomwe zala zimafika mosavuta.

Ya nsambo zisanu n'imodzi imasunga B wotsika uja n'kuonjezanso C wokwera pamwamba pa G, kotero imatchunidwa B, E, A, D, G, C. Nayonso C imangoonjezera manoti asanu kumtunda, koma imathandiza woimba kudina manoti atatu kapena anayi nthawi imodzi momveka bwino, ndiponso kuimba gawo lotsogolera nyimbo. Palinso magitala a nsambo 8 ndi 12, koma awa ndi nkhani ina: nsambo zake zimakhala ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu pa noti imodzi kuti liwu linenepe, ndipo amaimbidwa ngati a nsambo zinayi.

Mmene nsambo zinachulukira

Gitala ya besi yamagetsi imene inafala padziko lonse ndi Precision Bass, yomwe kampani ya Leo Fender ku California inatulutsa mu 1951. Paul Tutmarc wa ku Seattle anali atapangapo yofanana nayo m'zaka za m'ma 1930, koma sinapite patali. Fender anatengera katchunidwe ka besi yaikulu yoimirira ija ya m'magulu a jazz, ya nsambo zinayi, n'kuika mafureti kuti woimba azipeza noti mosaphonya. Mu 1960 kampaniyi inatulutsanso Jazz Bass, ya khosi locheperako.

Kuyesa kuonjezera nsambo kunayamba msanga, koma kunalowera kumtunda. Fender Bass VI ya mu 1961 inali ndi nsambo zisanu n'imodzi zotchunidwa ngati gitala wamba, ndipo Fender Bass V ya mu 1965 inaonjezera C wokwera. Yachiwiriyi anthu sanaikonde ndipo patangopita zaka zochepa inasiya kupangidwa. Maganizo otsikira pansi pa E anadza ndi oimba a m'situdiyo a ku America m'zaka za m'ma 1970. Anthony Jackson anapempha mmisiri Carl Thompson wa ku New York kuti amupangire besi yotchunidwa B, E, A, D, G, C, ndipo anailandira mu 1975, ngakhale sanakhutire nayo chifukwa nsambo zake zinali zothithikana. Cha nthawi yomweyo Jimmy Johnson anagwirizana ndi kampani ya Alembic kupanga ya nsambo zisanu yokhala ndi B wotsika.

Chimene chinakankha msika chinali kiyibodi. M'zaka za m'ma 1980 ojambula nyimbo anayamba kukonda besi yoimbidwa pa kiyibodi, imene imatsika kupyola E popanda vuto, ndipo oimba gitala ya besi anaona kuti ntchito ikuwapulumuka. Makampani akuluakulu anayankha: Yamaha inatulutsa BB5000 mu 1984, Music Man n'kutsatira ndi StingRay 5 mu 1987. Kuchokera pamenepo besi ya nsambo zisanu inasiya kukhala chida cha akatswiri ochepa.

Komabe mbiri imaonetsa kuti nyimbo zambiri zimene anthu amaphunzirirapo besi zinajambulidwa ndi nsambo zinayi. James Jamerson, amene anaimba m'nyimbo zosawerengeka za Motown ku Detroit, ankagwiritsa ntchito Precision. Aston Barrett wa gulu la The Wailers, yemwe kaimbidwe kake ndiko maziko a reggae imene Amalawi amaikonda, ankaimba Jazz Bass, ndipo kulemera kwa liwu lake kunkachokera m'zala ndi mmene ankatcherera ampulifaya. Jaco Pastorius naye anasintha kaimbidwe ka besi m'jazz ndi nsambo zinayi zomwezo. Kwathu kuno tili ndi umboni woposa pamenepa: babatoni, chida chopangidwa pamanja cha nsambo imodzi yokha, ndicho chimagwira ntchito ya besi m'nyimbo za Madalitso Band, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amavinitsa nacho anthu ali yekha. Kumbali inayo kuli Richard Bona wa ku Cameroon, wodziwika ndi besi ya nsambo zisanu, ndi John Patitucci wa ku America amene anatchukitsa ya zisanu n'imodzi. Onsewa anasankha chida motsatira nyimbo zimene ankafuna kuimba.

Funsani nyimbo zanu kaye

Funso loyamba ndi la makiyi. Amene amaimba m'tchalitchi kapena m'magulu a nyimbo zauzimu amadziwa kuti kiyi imasankhidwa ndi wotsogolera nyimbo pamodzi ndi wa kiyibodi, ndipo kawirikawiri imagwera pa E flat, A flat kapena D flat. Pa besi ya nsambo zinayi, E flat wotsika palibe. Woimba amakakamizika kukwera okitevu imodzi, ndipo pa nthawi imene kwaya yafika pachimake, pomwe pamafunika liwu logwedeza mabenchi, besi imamveka yopepuka. Choipiranso n'chakuti nyimbo ikhoza kukwezedwa kiyi kawiri kapena katatu isanathe. Kwa woimba wotere nsambo yachisanu ndi chida chogwirira ntchito, ndipo ndalama zake sizipita pachabe. N'chimodzimodzi amene amalembedwa ganyu m'situdiyo kapena kuimba m'maukwati ndi m'mahotela, komwe amayenera kutsanzira nyimbo zamakono zomwe besi yake inapangidwa pa kompyuta.

Woimba reggae yachikale, rock kapena nyimbo zina zomangidwa pa gitala, zimene makiyi ake amakonda kukhala G, C, D, A ndi E, akhoza kutha zaka osasowa noti yotsika kuposa E. Kwa iyeyu nsambo ya B imasanduka potsamira chala chachikulu basi.

Ya nsambo zisanu n'imodzi ndi ya munthu amene akudziwa kale chifukwa chake akuifuna: woimba jazz, woimba yekha, kapena wa m'gulu laling'ono lopanda gitala ina. Kwa ongoyamba kumene ndi katundu wolemera amene gawo lake lalikulu sadzaligwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali.

Mtolo wa nsambo yoonjezera

Vuto loyamba, limene ogulitsa satchula, ndi kuletsa nsambo kulira zokha. Nsambo ya besi ikasiyidwa osaigwira imayamba kunjenjemera motsatira zinzake, ndipo ya B ndiyo yosachedwa kutero. Zotsatira zake ndi mng'ung'udzo wosalekeza umene umadetsa nyimbo yonse, makamaka pojambula. Pa nsambo zinayi chala chachikulu cha dzanja lamanja ndi zala zotsala za kumanzere zimakwanitsa kuzigwira zonse. Pa zisanu kapena kuposerapo woimba amayenera kuphunzira kusuntha chala chachikulu chija kuti chizitsatira dzanja, chitagona pa nsambo zonse zimene sizikuimbidwa. Luso limeneli limatenga miyezi kuti lizolowereke.

Kenako pali kukula kwa khosi. Pa besi ya nsambo zinayi mpata wa pakati pa nsambo, pomwe zimamangiriridwa pathupi la gitala, umakhala pafupifupi mamilimita 19. Opanga magitala a nsambo zisanu amasankha chimodzi mwa ziwiri: kusunga mpatawo n'kukulitsa khosi, kapena kuuchepetsa kufika pa mamilimita 16 kapena 17 kuti khosi ligwirike. Njira yoyamba imatopetsa wa manja ang'onoang'ono. Yachiwiri imavutitsa okonda kumenya nsambo ndi chala chachikulu n'kumakoka zina ndi chala cholozera, chifukwa malo olowetsa chala amachepa. Khosi lalikulu limalemeranso, ndipo pa magitala ena mutu umangogwera pansi woimba akausiya, moti dzanja lamanzere limagwira ntchito ziwiri, kudina ndi kunyamula. Amene amaima maola atatu pa mapemphero a usiku wonse kapena padansi amaumva kusiyana kumeneku paphewa.

Nsambo ya B yeniyeniyo ndiyo yovuta kupanga bwino. Magitala ambiri a besi ndi otalika mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, kuyeza gawo la nsambo limene limanjenjemera. Pa utali umenewu B ikhoza kukhala yolobodoka, yomveka ngati lamba wa chigayo, ngati gitalayo inapangidwa mwachinyengo. N'chifukwa chake makampani ena amatalikitsa kufika mainchesi 35, ndipo a Dingwall a ku Canada amapendeketsa mafureti kuti B ifike mainchesi 37. Pa ndalama zofanana, besi ya nsambo zinayi imakhala yabwino kuposa ya zisanu, popeza ndalama zonse zapita pa zinthu zochepa. Ya zisanu yotsika mtengo kwambiri ndiyo malo amene B wosamveka amapezeka kawirikawiri.

Ampulifaya nayo ili ndi mawu pankhaniyi. Liwu la ka 31 pa sekondi limafuna sipika yaikulu ndi mphamvu yokwanira. Kaampulifaya kophunzirira kunyumba, kapena masipika ang'onoang'ono a m'matchalitchi ambiri, sangalitulutse mokwanira. Amangopwepwera, ndipo mukawakakamiza amawonongeka. Kugula besi ya nsambo zisanu musanaganizire za polumikiza kuli ngati kugula ng'ombe musanamange khola.

Pomaliza pali nsambo zosinthira. Paketi ya zisanu imakwera mtengo kuposa ya zinayi, ya zisanu n'imodzi imakweranso, ndipo kunja kwa mizinda ikuluikulu sizipezeka wamba. Nsambo za besi siziduka kawirikawiri, koma thukuta ndi fumbi zimazipha liwu, ndipo ya B ikafa imamvekeratu kuposa zinzake.

Njira zapakati

Amene amafuna noti yotsika mwa apo ndi apo sakakamizidwa kugula gitala ina. Akhoza kumasula nsambo ya E kufika pa D, zomwe zimapereka manoti awiri mwa asanu aja, D ndi E flat. Kampani ya Hipshot imapanga kachitsulo koikidwa pa chotchunira cha E, kamene kamatsitsa nsamboyo ndi kukhudza kamodzi n'kuibwezeretsa momwemo. Ena amatsitsa gitala yonse ndi theka la sitepe kuti igwirizane ndi makiyi a kiyibodi. Enanso amagula paketi ya nsambo zisanu, n'kusiya ya G, n'kutchuna gitala ya nsambo zinayi pa B, E, A, D. Njira imeneyi imagwira bwino kwa amene sakwera kumtunda, koma imafuna mmisiri wokulitsa timipata ta kumutu kwa khosi momwe nsambo zimadutsa, ndipo timipatato tikakulitsidwa sitibwereranso pokhapokha kachidutswako katasinthidwa. Khosi nalo limafunika kulichunanso ndi chitsulo cha mkati mwake, popeza kukoka kwa nsambo kwasintha.

Poyesa gitala musanalipire, ivaleni ndi lamba muimirire, musiye khosi muone ngati mutu ukugwa. Ngati ndi ya nsambo zisanu, imbani E wosadina, kenako E wa pa fureti yachisanu ya B: awiriwa ayenera kumveka ngati a gitala imodzi, mofanana mphamvu. Tsikani fureti ndi fureti mpaka B wosadina, mukumvetsera ngati noti iliyonse ikudziwika payokha kapena zonse zangosanduka mkokomo umodzi. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati mmene mmisiri amayang'anira thabwa, chifukwa magitala ogwirapo kale ntchito amene anasungidwa pamalo otentha kapena achinyezi amapindika, ndipo khosi lopotoka ngati chingwe silikonzeka ndi chitsulo chamkati chija. Ngati n'kotheka, pitani ndi ampulifaya imene muzidzaimbira, kapena pemphani kuyesera pa yofanana nayo kukula.