Atheist, Agnostic, Humanist: Kodi Maina Awa Anacokera Kuti?

Tiyerekeze kuti mwakumana ndi mnzanu wakale pa siteshoni ya minibasi ku Matero kapena ku Chawama. Kale munali kuimbira limodzi m'kwaya. Mwamfunsa cifukwa cake sakuonekanso ku mpingo, ndipo iye akuti, "Ine masiku ano ndine agnostic." Wina angakuuzeni kuti ndi atheist, winanso humanist. Ambiri a ife mau onsewa timawamanga mtolo umodzi, ndipo m'komboni dzuwa sililowa munthuyo asanayambe kuchedwa wasatana. Koma dzina lililonse lili ndi mbiri yake, ndipo mbiri ya limodzi mwa mainawa inadutsa mu Matero momwemo.

Tiyambe ndi dzina lakale kopambana. Liu lakuti atheist linacokera ku Cigiriki, ndipo litanthauza munthu wopanda mulungu. Poyamba silinali dzina lodzisankhira ai, linali citonzo. Mu 399 B.C. mzinda wa Athens unaweruza Socrates kuti afe, ndipo umodzi wa milandu yake unali wakuti sanali kulemekeza milungu ya mzindawo. Mwina mudabwa kumva kuti Akristu oyamba naonso anali kuchedwa dzina lomweli. Aroma anaona anthu opanda mafano, okana kufukiza lubani kwa mfumu yao, nati awa ndi anthu opanda mulungu. Polycarp, bishopu wa ku Smyrna, anaphedwa ca m'ma 155 A.D. khamu la anthu likunena Akristu ndi dzina limeneli.

Ifenso kuno tinalawako zotere. Makolo athu anachedwa akunja, cikhalireco Acewa anali kudziwa Cauta ndi Namalenga amishoni asanafike. Dzina lopatsidwa ndi mlendo kawirikawiri silinena zonse.

Popeza dzina la atheist linali kubweretsa mavuto, anthu okayika za cipembedzo ku England anayamba kufuna maina ena. Ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 kunabuka dzina la freethinker, ndiko kuti munthu wofuna kuyesa nkhani iliyonse ndi nzeru zake, osati kungovomera cifukwa akulu anena. Ena mwa iwo anali kukhulupirirabe kuti Mlengi aliko, koma anali kukana ulamuliro wa mpingo.

Mu 1842 mphunzitsi wina dzina lake George Holyoake anaikidwa m'ndende miyezi 6 pa mlandu wonyoza Mulungu, cifukwa ca yankho limene anapereka pa msonkhano ku Cheltenham. Mu 1851 iye anayambitsa liu lakuti secularism. Ganizo lake linali lakuti anthu akonze moyo wa pansi pano, monga maphunziro, nchito ndi umoyo, popanda kukangana za kumwamba. Mnzake Charles Bradlaugh sanagwirizane naye. Iye anadzicha atheist poyera. Anasankhidwa kukhala phungu wa Northampton mu 1880, koma cifukwa ca mkangano wa lumbiro sanakhazikike pa mpando wake mpaka 1886.

Dzina la agnostic linapangidwa mu 1869 ndi wasayansi Thomas Huxley ku London. Iye anaona kuti okhulupirira ndi osakhulupirira omwe anali kulankhula ngati adziwa zonse, pamene iye anali kuona kuti umboni sunamkwanire. Tsono atheist akuti sakhulupirira kuti Mulungu aliko, pamene agnostic akuti sadziwa, kapena kuti munthu sangadziwe. Kusiyanaku si kwakung'ono.

Ena anatopa ndi kudziwika ndi cinthu cimene akana. Anafuna dzina lonena cimene avomera: ulemu wa munthu, nzeru ndi kuthandizana. Iwowa anatenga dzina la humanist, ndipo mu 1952 anakhazikitsa bungwe lao la dziko lonse ku Amsterdam, limene lero lichedwa Humanists International.

Apa ndi pamene nkhaniyi ifika kwathu. Funsani agogo anu kuti humanist ndani, sadzakuuzani za munthu wokana Mulungu. Adzakuuzani za Kenneth Kaunda. Mu Epulo 1967 akuluakulu a cipani ca UNIP anasonkhana ku Matero ndi kulandira Humanism kukhala ciphunzitso cotsogolera dziko. Kaunda anali mwana wa David Kaunda, mlaliki wa ku Lubwa wocokera ku Nyasaland, ndipo buku lake la 1966, A Humanist in Africa, linali makalata olembera mmishoni Colin Morris. Kwa iye munthu anali pakati pa zonse cifukwa analengedwa ndi Mulungu. Motero liu limodzi linali ndi matanthauzo awiri: ku Amsterdam ubwino wopanda cipembedzo, ku Matero umunthu woopa Mulungu.

Pambuyo pake m'cipani munamveka dzina lina, Scientific Socialism. Mipingo inacenjera, pakuti inadziwa kuti pansi pa dzinali panali ciphunzitso ca Karl Marx cimene cikana Mulungu. Mu 1979 mabishopu a Katolika, bungwe la Christian Council of Zambia ndi la mipingo ya Evangelical analemba kalata imodzi yochedwa Marxism, Humanism and Christianity. Sanakane Humanism ya Kaunda kapena kugawana cuma mwacilungamo. Anafunsa kuti mau atsopanowo atanthauzanji kwenikweni, ndipo anakana ciphunzitso ca Marx cokana Mulungu. Pamene boma linafuna kuika phunziroli m'masukulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mipingo inakananso. Taonani nzeru ya makolo anu m'cikhulupiriro: anayamba afufuza tanthauzo la dzina, kenaka ndi pamene anayankha.

UNIP itagonja pa masankho a 1991, Humanism inazimirira. Pa 29 Disembala caka comweco Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'mau oyamba a malamulo a dziko, pamodzi ndi lonjezo la ufulu wa cikumbumtima kwa munthu aliyense. M'dziko lotere munthu wosakhulupirira amayeza bwino dzina limene adzachula pamaso pa amai ake, abwana ake, kapena alandilodi. Ena amangoti "sindipemphera". M'zaka zapafupi kunapangidwa kagulu kochedwa Humanists and Atheists of Zambia, kamene kanaika maina onse awiri pamodzi. Ku Malawi George Thindwa anatsogolera bungwe la Association for Secular Humanism, ndipo anadziwika ndi nchito yoteteza nkhalamba zonamiziridwa ufiti. Liu la secular m'dzinali lionetsa mtundu wa humanism umene bungwelo linali kunena.

Nanga inu muphunzirapo ciani? Coyamba, dzina limene mnzanu wasankha likuuzani pamene waima. Wodzicha agnostic mwina ali ndi mafunso amene palibe anawayankha. Wodzicha atheist mwina wawerenga ndi kuganiza kwa zaka, kapena anakhumudwa ndi m'busa wokonda ndalama. Wakuti "sindipemphera" mwina anangotopa. Yankho limodzi silingakwanire onse atatu. Caciwiri, atheist si wasatana. Wokana kuti Mulungu aliko amakananso kuti Satana aliko. Kumnenera usatana m'komboni ngati Kanyama kapena George kungamcotsetse nyumba, nchito, ngakhale kumgendetsa miyala, ndipo umenewo ndi umboni wonama.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mukakumananso ndi mnzanu uja, musafulumire kumlalikira kapena kumthawa. Mfunseni kuti, "Dzinali utanthauza nalo ciani? Unafikapo bwanji?" Mverani mpaka amalize, ndipo pamenepo muuzeni za cikhulupiriro canu mofatsa. Kumbukirani kuti panali nthawi imene anthu a mpingo wanu ndiwo anali kuchedwa opanda mulungu, ndipo oweruza ao sanafune kumva tanthauzo.