Za Kulemera kwa Mpweya, ndi Amene Anakuyesa Pakhomo Pao

Mnansi wanga wina wa kuno ku Area 25 ali ndi citsime kuseri kwa nyumba yace, ndi kadimba ka mpiru ndi tomato. Anagula pampu ija yoponda ndi mapazi, imene ambiri aicha thiredo pampu, ndipo m'miyezi ya cisanu inamtumikira bwino. Koma pofika Okutobala, madzi atatsika m'citsime, pampu inaleka kulavula. Iye anasintha mphira zace, nalumikiza paipi yaitali, naitana anyamata awiri amphamvu kuti aponde mosinthana. Madzi anakwera m'paipi kufikira pena pace, naima pomwepo. Pamenepo anayamba kunena kuti wina wamcitira cipongwe. Komatu panalibe munthu anakhudza citsimeco. Cimene cinamsautsa iye ndico cinasautsa amisiri a ku Italy zaka pafupifupi 400 zapitazo, ndipo mbiri ya m'mene cinadziwikira iyenera kumveka pakati pathu.

Masiku amenewo ophunzira a ku Ulaya ankatsata mau a Aristotle, Mgriki wakale, amene anaphunzitsa kuti sipangakhale malo opanda kanthu konse. Tsono ankati madzi akwera m'pampu cifukwa cilengedwe cidana ndi malo otere, ndipo cithamangira kukawadzaza. Koma okumba zitsime anadziwa kanthu kamene ophunzirawo sanakadziwa. M'buku lace la caka ca 1638, Galileo analemba kuti mmisiri wina anamuuza kuti palibe pampu yoyamwa, ingakule bwanji, yokhoza kukweza madzi kupitirira mikono 18, ndiwo mamita ngati 10. Galileo anayesa kuti madzi aduka monga cingwe ciduka ndi kulemera kwace. Analakwa, angakhale anali munthu wanzeru zoposa.

Woyamba kuyesa ndi manja anali Gasparo Berti wa ku Rome, pakati pa 1640 ndi 1643. Iye anamangirira paipi yaitali ya mtovu pa khoma la nyumba yace, naviika tsinde lace mu mbiya ya madzi, naidzaza kucokera pa zenera la pamwamba, naitseka. Atatsegula pansi, madzi anatsika pang'ono, naima pa mamita 10, ndipo pamwamba pao panatsala mpata. Munali ciani m'mpatamo? Anzace anakangana, osamvana.

Evangelista Torricelli, wophunzira wa Galileo, anacepetsa nchitoyo. Anatenga citsulo coyenda ngati madzi, cochedwa mercury, cimene cilemera koposa madzi ka 13 ndi theka. Ndipo m'malo mwa mamita 10 ico cinaima pa masentimita 76 m'kabango ka galasi. M'kalata ya caka ca 1644 anafotokoza kuti palibe cikoka madziwo kucokera pamwamba, koma mpweya wakunja ndiwo uwatsendereza pa mbiya ndi kuwakankhira m'paipi. Ndipo aima pamene kulemera kwao kwalingana ndi kulemera kwa mpweya. Owerenga buku la Yobu adzakumbukira kuti mutu 28 uchula kulemera kwa mphepo.

Ambiri sanabvomereza. Pamenepo Blaise Pascal wa ku France, Mkristu woopa Mulungu koma wodwaladwala, anaganiza kuti ngati mpweya ulemeradi, pamwamba pa phiri uyenera kupepukirako. Anatuma mlamu wace, Florin Périer, amene pa 19 September 1648 anakwera phiri la Puy de Dôme. Kabango kamodzi anakasiya patsinde ndi wansembe wina kuti akapenyerere tsiku lonse, kena anakwera nako. Ka patsinde sikanasintha. Ka paphiri kanatsika masentimita 8 ndi pang'ono. Nzeru ya kusiya mboni patsinde ndiyo indikondweretsa ine koposa, pakuti popanda iyo otsutsa akadati nyengo ndiyo inasintha.

Koma amene tingamuche mbale wa anyamata athu okonda kusula zinthu kuseri kwa nyumba ndiye Otto von Guericke, mkulu wa mudzi wa Magdeburg ku Germany. Mudzi wace unatenthedwa pa nkhondo m'caka ca 1631, anthu zikwi zambiri naphedwa, ndipo iye anali mmodzi wa oumanganso. Zoyesayesa zace anazicita ndi cuma cace, pa nthawi yotsala pa nchito za mudzi. Poyamba anadzaza mbiya ya matabwa ndi madzi, naitseka, nawapopa ndi pampu yozimira moto, kuti m'katimo musatsale kanthu. Koma mpweya unalowa m'ming'alu ndi kulira ngati mluzu. Anasulitsa tsono mpira wa mkuwa. Popopa, mpirawo unaphwanyikira m'kati ndi phokoso loopsa, nukhwinyata ngati nsaru. Wina akadaleka pamenepo. Iye anasulitsa wina wocindikala ndi wobulungira bwino, ndipo uwu unalimba. M'caka ca 1654 anaonetsa pampu yace kwa akalonga osonkhana ku Regensburg. M'caka ca 1657 anakumanitsa mbale ziwiri za mkuwa pakamwa ndi pakamwa, zopingasa theka la mita, nacotsa mpweya wa m'kati, namanga akavalo 8 mbali yino ndi 8 mbali inayo. Ndipo kuzilekanitsa kunali kobvuta ndithu. Atatsegula kabowo kuti mpweya ulowe, zinagwa zokha. Powerenga bwino, mpweya wakunja ukhoza kupanikiza mbale zotere ndi kulemera kwa matumba 40 a cimanga. Pa cikhato canu cokha utsamira ndi kulemera kwa matumba pafupifupi awiri. Simukumva cifukwa ukankha mbali zonse molingana, ndi m'kati mwa thupi momwe.

Robert Boyle wa ku Oxford, yemwe anaperekanso ndalama zosindikizira Mau a Mulungu m'zinenero zina, anamva mbiriyi, ndipo pamodzi ndi Robert Hooke anapanga pampu yoposa ija m'caka ca 1659. Anaona kuti m'botolo lopanda mpweya nyali izima, kulira kwa wochi sikumveka, ndipo mbalame ikomoka.

Tisayese kuti mphamvu imeneyi ndi yacilendo kwa ife. Makolo athu polumika wodwala ankaika nyanga pa mphini, nayamwa mpweya pa kabowo ka kunsonga, natseka ndi phula. Nyanga inkamamatira, mwazi nuturuka. Ndiyo nchito yomweyo ya mbale za Guericke, ngakhale sindiyamikira kulumika, popeza lumo limodzi lagawira anthu ambiri nthenda. Yesani kwanu cinthu cosaopsa: tsukuluzani botolo la pulasitiki ndi madzi otentha, muwataye, mutseke msanga, ndipo muliike m'madzi ozizira. Lidzafinyika lokha ngati dzanja losaoneka laligwira. Kapena dzazani tambula kufikira pakamwa, muike cikatoni cosalala, mugwirize ndi cikhato, ndi kutembenuza. Pocotsa dzanja madzi sadzatayika.

Tibwerere tsono ku citsime cija. Lilongwe ali pamtunda wa mamita ngati 1,050 kucokera pa nyanja yamcere, ndiko kunena kuti ife tikhala masiku onse pa phiri la Périer. Mpweya wathu ngwopepukirako, kotero kuti pano ungakankhe madzi mamita 9 okha, pampu itakhala yangwiro. Ndipo popeza mphira zidontha ndi paipi zipumira m'mfundo, pa nchito yeni yeni malire ali pa mamita 6 kapena 7. Mapampu opondaponda, amene anayambira ku Bangladesh ndipo anagawidwa kwa alimi ambiri a m'Malawi m'zaka zoyamba za m'ma 2000, ngoyamwa. Nchito yao ndi ya kudambo ndi kumtsinje, kumene madzi ali pafupi. Mjigo uli ndi maciticidwe ena. Mtima wace uli pansi m'madzi momwemo, ndipo sudikira mpweya, koma unyamula madzi ndi ndodo zacitsulo. Ncifukwa cace mjigo wa Afridev utunga ngakhale pa mamita 45. Ndipo Afridev anacokera ku pampu yochedwa Maldev, imene inayesedwa m'dziko lathu lino kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980.

Ine ndi mnansi wanga tinamanga mwala ku cingwe, ndi kuutsitsa kufikira unakhudza madzi. Tinapeza mamita 8 ndi theka. Sabata yotsatira anakumba dzenje lotakata pambali pa citsime, lakuya mamita awiri, naboola khoma la citsimeco, natsitsira pampu m'menemo. Madzi anaturuka, koma ocepa. Ndipo kufikira mvula ya Disembala mbali ina ya dimba anaithirira ndi ndowa.