Amakaniko amene ankawerenga mutu wa pisitoni

Kuyambira mu 1975, pamene Giacomo Agostini anapambana pa Yamaha, kufikira mu 2001, pamene Valentino Rossi anapambana pa Honda, chikho cha dziko lonse cha njinga zamoto za 500cc chinkapita chaka chilichonse kwa njinga ya injini ya two-stroke. Mbiri ya zaka zimenezi imatchula oyendetsa, Barry Sheene, Kenny Roberts, Freddie Spencer, Mick Doohan, ndiponso makampani a ku Japan amene ankapanga njingazo. Amene satchulidwa kawirikawiri ndi makaniko yemwe, njinga ikangobwera kuchokera koyeserera, ankamasula pulagi ndi mutu wa silinda, n'kuweramira pamwamba pa pisitoni tochi ili m'manja. Ine ndikuti ntchito ya munthu ameneyu inali luso lenileni lokhala ndi malamulo ake, ndipo popanda iye liwiro la nyengo imeneyo silikanafika kumapeto a mpikisano.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a injiniyo. Ya four-stroke imaphulitsa mafuta kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndipo ili ndi oyilo wakewake pansi amene amaitsuka ndi kuiziziritsa. Ya two-stroke imaphulitsa pa kuzungulira kulikonse, pisitoni yake sipuma, ndipo pa njinga za mpikisano oyilo ankathiridwa m'petulo momwemo. Choncho petulo wodutsa m'kabuleta anali ndi ntchito zitatu nthawi imodzi: kupereka mphamvu, kunyamula oyilo, ndi kuziziritsa mutu wa pisitoni. Ukachepetsa petulo pang'ono, injini imalusa n'kuthamanga kwambiri. Ukachepetsanso pang'ono pokha, pisitoni imatentha, imafufuma, n'kukakamira m'silinda, tayala lakumbuyo n'kuima njinga ili pa liwiro. Mphamvu yonse inali pafupi penipeni ndi ngozi, ndipo wina ankayenera kudziwa pamene malire ali tsiku limenelo.

Amene anafikitsa injiniyi pamalire amenewa ndi Walter Kaaden, injiniya wa kampani ya MZ m'tauni ya Zschopau ku East Germany. Analibe ndalama zambiri ngakhale zitsulo zabwino, koma anamvetsa bwino paipi ya ekizozi yotupa pakati n'kuwonda kumapeto. Utsi ukamatuluka, paipiyo imakoka mafuta atsopano kudutsa m'silinda, kenako funde la mpweya limabwerera n'kuwakankhiranso m'kati khomo la ekizozi lisanatsekeke. Pofika 1961, kanjinga kake ka 125cc kankatulutsa mphamvu ya mahatchi 25, zomwe zinadabwitsa dziko. Gary Hocking, mnyamata wokulira ku Bulawayo, anali atapambana kale mipikisano pa MZ mu 1959. M'chaka cha 1961 chomwecho, woyendetsa wa MZ, Ernst Degner, anathawira kumayiko a kumadzulo atachita mpikisano ku Sweden, napita ku Suzuki ndi nzeru za Kaaden, ndipo mu 1962 Suzuki inatenga chikho cha 50cc. Koma paipi yowonjezera mphamvuyo inkawonjezeranso moto pa pisitoni, makamaka kumbali ya ekizozi. Kaaden anapatsa dziko injini yothamanga, ndipo pamodzi nayo anasiyira amakaniko vuto la tsiku ndi tsiku.

Kawerengedwe ka amakanikowo kanali kotere. Woyendetsa ankauzidwa kuti akafika pamsewu woongoka atsegule mafuta onse, kenako azimitse injini mwadzidzidzi atagwira kilachi, njinga ibwere yokha yozima, kuti zizindikiro za pa liwiro lalikulu zisafufutike. Makaniko ankayang'ana choyamba pulagi: yakuda ndi yonyowa imasonyeza petulo wochuluka, yoyera mbee ngati choko imasonyeza wochepa. Koma pulagi imanena zochepa, pisitoni ndiyo imanena zambiri. Mafuta atsopano akamalowa kudzera m'makomo a m'mbali mwa silinda, amatsuka m'mphepete mwa mutu wa pisitoni, n'kusiya timalo towala pamene mwaye sugwira. Timaloto tikakhala tatikulu, petulo wachuluka. Tikasowa, mwaye wouma wotuwa n'kufika mpaka m'mphepete, injini ili ndi ludzu. Mwaye wofiirira pakati, ndi timalo tating'ono towala pafupi ndi khomo lililonse, ndiwo unkakondweretsa makaniko. Choopsa kwambiri chinali timaenje ting'onoting'ono m'mphepete, chitsulo chitakhakhala ngati chawazidwa mchenga: pamenepo mafuta akuphulika okha mosalamulirika, ndipo kukapitirira, m'mphepete mumagumuka kapena pisitoni imabooka pakati. Ena ankatembenuza pisitoniyo n'kuona kunsi kwake, chifukwa oyilo wopserera pamenepo amasiya banga, ndipo banga likada ndi kukula ndiye kuti kutentha kwanyanya. Monga wootcha njerwa amadziwira pa mtundu wa njerwa mbali ya uvuni imene moto unachepa, makaniko ankadziwa pa mwaye mbali ya silinda imene mafuta sankafika bwino.

Akawerenga, ankasintha jeti, kamkuwa kakang'ono kokhala ndi chiboo choyezedwa ndi nambala yake, kapena kukweza ndi kutsitsa singano ya m'kabuleta. Ntchitoyi sinkatha, pakuti mpweya susunga kulemera kumodzi. M'mawa wozizira mpweya umalemera, injini imafuna petulo wambiri. Masana kukatentha umapepuka, jeti ya m'mawa ija yakula. Gulu lochokera ku Assen ku Netherlands, kumene dziko lili pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, likafika ku Kyalami pafupi ndi Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, linkapeza mpweya wopepuka kwambiri, ndipo majeti onse ankayenera kuchepetsedwa. Wobwerera kumunsi ataiwala kubwezeretsa majeti aakulu ankawononga injini m'mphindi zochepa.

Alipo amene amati zonsezi kunali kungoganizira, ndipo mawu awo sali opanda mutu. Zizindikiro zimanamiza ndithu. Pisitoni yotuwa ingachokere ku jeti yaing'ono, komanso ku mpweya wolowera pa silo yotha, ku moto wa pulagi woyaka msanga, kapena ku petulo wosayenera. Ngakhale oyilo amasokoneza: ukachulukitsa oyilo m'petulo, petulo wodutsa pa jeti amachepa, injini n'kuuma pamene mwini wake akuganiza kuti waiteteza. Koma kuchuluka kwa zoyambitsa ndiko kumasonyeza kuti panafunika luso. Makaniko wabwino ankasintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba m'buku kutentha kwa tsikulo, kulemera kwa mpweya, nambala ya jeti ndi zimene waona, kenako n'kuyerekeza ndi nthawi ya pa wotchi ndi zonena za woyendetsa. Maganizo ake ankayesedwa tsiku lomwelo pamaso pa anthu, ndipo wolakwitsa ankaonekera msanga. Mtengo wa kulakwitsa unali wowawa. Oyendetsa a nthawi imeneyo ankayenda zala zili pa kilachi, kudikira kuti injini ikangokakamira aimasule. Pa 20 May 1973 ku Monza, Renzo Pasolini ndi Jarno Saarinen anafa pa ngozi imodzi mu mpikisano wa 250cc, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake analoza pisitoni yokakamira pa njinga ya Pasolini, ngakhale ena ankati vuto linali oyilo wotayika pamsewu.

Ena amati chimene chinkapambanitsa ndi ndalama za makampani, osati diso la makaniko. Pa 500cc mawuwa ali ndi mphamvu, poti njinga zabwino zinali m'manja mwa Yamaha, Suzuki ndi Honda. Komabe taonani zimene zinachitika Yamaha itayamba kugulitsa TZ250 ndi TZ350 kwa aliyense mu 1973. Anthu ambiri anakhala pa njinga zofanana, ndipo kusiyana kunatsalira pa woyendetsa ndi pa amene akukonza. Jon Ekerold wa ku South Africa, wodziyimira payekha, anatenga chikho cha 350cc mu 1980 pa injini ya Yamaha yoikidwa m'felemu ya Bimota, atagonjetsa Anton Mang wa pa Kawasaki mu mpikisano womaliza ku Nürburgring. Kork Ballington, wa ku South Africa komweko, anatenga zikho za 250cc ndi 350cc mu 1978 ndi 1979 pa Kawasaki, makaniko wake ali mbale wake weniweni, Dozy. Ndalamanso pazokha sizinathandize Honda, imene mu 1979 inabweretsa NR500 ya four-stroke yodula kwambiri, n'kulephera, mpaka inagonja n'kupanga two-stroke imene Spencer anapambana nayo mu 1983.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti zipangizo zamagetsi zinabwera n'kuchita ntchitoyi bwino koposa. N'zoona kuti m'zaka za m'ma 1990 njinga zinayamba kunyamula zoyezera kutentha kwa utsi ndi zowerengera kuphulika kolakwika kuja, ndipo petulo wopanda mtovu, amene analamulidwa pa 500cc mu 1998, anasintha maonekedwe a pulagi ndi mwaye. N'zoonanso kuti injinizi zimafuka utsi wa oyilo, ndipo makampani anafuna kupikisana ndi mtundu wa injini umene akugulitsa pamsewu. Gulu la 500cc litasanduka MotoGP linalola four-stroke mu 2002, gulu la 250cc linatha mu 2009, la 125cc mu 2011. Koma chipangizo chimayeza chimene munthu wachiuza kuti chiyeze. Amene anadziwa kuti utsi wotentha ndi kuphulika kolakwika ndizo zofunika kuziyang'anira ndi omwe aja anatha zaka akuona mapisitoni obooka. Nambala ya pa kompyuta inangofulumizitsa nkhani imene diso linkaidziwa kale, ndipo magulu sanaleke kutsegula injini n'kuyang'ana.

Injinizi sizinathe padziko. Zidakali m'mipikisano ya motocross ndi ya timagalimoto ta kart, ndipo kwathu kuno zili m'makina ochekera mitengo, m'maboti ambiri a asodzi pa Nyanja ya Malawi, ndi m'njinga zakale za Yamaha DT zimene alangizi ankayendera m'midzi. Pisitoni ya makina amenewa imalemba zizindikiro zomwezo zimene ankawerenga ku Zschopau ndi ku Kyalami. Inu amakaniko, injini yotere ikanoka, musathamangire kugula pisitoni yatsopano yakale ija mutaitaya kudzala. Itsukeni pang'ono, muione pamwamba, m'mphepete ndi kunsi, ndipo mwana amene mukumuphunzitsa ntchito aione nanu, chifukwa mukapanda kupeza chimene chinaiwononga, yatsopanoyo idzafanso chimodzimodzi.