Alembi a Malipiro ndi Mamendulo a Asilikali a KAR

Phunziro 1: Nkhondo si mfuti yokha

Kale dziko lathu linkalamulidwa ndi Angerezi. Ulamuliro wawo unayamba mu 1891 ndipo unatha mu 1964. Kuyambira mu 1907 dzikoli linkatchedwa Nyasaland.

M'zaka zimenezo amuna ambiri a kuno anapita ku nkhondo zakutali. Ena anagwira mfuti. Ena anasenza katundu pamutu. Analiponso ena amene chida chawo chinali cholembera ndi buku. Awa anali alembi a malipiro. Ankalemba mayina a asilikali, kuwerengera ndalama zawo, ndi kusunga mbiri ya ntchito ya munthu aliyense.

Mu 1891 momwemo Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire. Ndi malire omwewa amene lero akulekanitsa Mwanza ndi Zobue. Abale anapezeka ali mbali ziwiri, pansi pa maboma awiri. Nkhondo zitabwera, maboma onsewo anafuna amuna a m'midzi yathu.

Phunziro 2: Chiyambi cha KAR

Gulu la asilikali a kuno linayamba m'zaka za m'ma 1890. Atsogoleri ake anali azungu. Ena mwa aphunzitsi a perete anali Asikh ochokera ku India.

Mu 1900 asilikali a kuno anakamenya nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana. Pa 1 Januwale 1902 magulu a m'mayiko angapo anaphatikizidwa, n'kukhala King's African Rifles, mwachidule KAR. Magulu awiri oyamba anali a ku Nyasaland, ndipo likulu lawo linali ku Zomba.

Kenaka anatumizidwa ku Somaliland. Kumeneko, pamalo otchedwa Gumburu, ambiri anafa mu 1903. Kampu ya Cobbe ku Zomba inatenga dzina la Alexander Cobbe, mzungu amene anatsogolera asilikali a kuno ku Somaliland.

Gulu lotere silikanayenda popanda alembi. Msilikali akhale ku Zomba kapena kutsidya kwa nyanja, ankafunika phoso, yunifolomu ndi malipiro.

Phunziro 3: Ntchito ya mlembi

Munthu akalowa usilikali, ankapatsidwa nambala. Mlembi ankalemba nambalayo pamodzi ndi dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Ankalembanso tsiku limene walowa ntchito.

Kuchokera pamenepo, chilichonse chochitika chinkalowa m'buku. Akakwezedwa kukhala kopolo kapena sajeni, malipiro ankakwera. Akalakwa n'kudulidwa ndalama, zinkalembedwa. Akavulala, akapita ku tchuthi, kapena akamwalira, mlembi ankalemba tsiku lake.

Pa tsiku lolandira, asilikali ankafola pamzere. Dzina likaitanidwa, mwini wake ankapita kutsogolo, kuchita sawatcha, n'kulandira. Wodziwa kulemba ankasaina. Wosadziwa ankadinda chala kapena kuika chizindikiro.

Masamu ake anali ovutirapo kuposa a lero. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi. Masheleni 20 ankapanga paundi imodzi. Kwacha ndi tambala zinadzabwera mu 1971. Mlembi akaphonya pang'ono, banja lina kumudzi linkasowa mchere ndi nsalu.

Phunziro 4: Alembiwo anali ndani?

Ku Britain, asilikali anali ndi nthambi yakeyake yoona za malipiro. Akuluakulu ake anakhazikitsidwa mu 1878, ndipo gulu la alembi ake linabwera mu 1893. Mu 1920 mbali ziwirizi zinakhala gulu limodzi lotchedwa Royal Army Pay Corps. Anthu ake ankapita kunkhondo monga asilikali ena, ndipo ankalandira mamendulo a nkhondozo.

Kuno kwathu, amene ankasunga bokosi la ndalama anali mzungu. Koma ankadalira anthu akuda odziwa kuwerenga ndi kulemba. Ambiri a iwo anaphunzira m'masukulu a mishoni, monga Livingstonia imene inayamba mu 1875 ndi Blantyre imene inayamba mu 1876. Ankagwira ntchito ya ukalaliki, yotanthauzira, ndi yoyang'anira nyumba zosungira katundu.

Mnyamata wodziwa masamu ankatha kukwera kukhala kopolo, kenaka sajeni. Koma panali polekezera. Kwa zaka zambiri udindo wa ofesala unali wa azungu okha. Asilikali a dziko lino anadzakhala ndi mkulu wawo woyamba wachikuda, Graciano Matewere, mu 1972, ufulu utabwera kale.

Phunziro 5: Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba mu 1914. Makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Ajeremani anali pafupi, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mu Seputembala 1914 nkhondo inaulika ku Karonga.

Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anakhala asilikali. Ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga. Dziko lonse panthawiyo linali ndi anthu opitirira pang'ono miliyoni imodzi. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ndipo ambiri ankagwidwa mokakamiza.

Amtengatenga ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema. Ankayenda mitunda yaitali, mvula ikuwathera pathupi. Ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala. Malipiro awo anali ochepa, ndipo mayina a ambiri sanasungidwe bwino.

Kutsidya kwa malire zinthu zinalinso zowawa. Apwitikizi analowa nkhondoyi mu 1916, ndipo nawonso ankagwira anthu ku ntchito ya kalavulagaga. Mu 1917 anthu a ku Barue, kummwera kwa mtsinje wa Zambezi, anaukira motsogozedwa ndi banja lachifumu la Makombe. Apwitikizi atawagonjetsa, ambiri anathawira ku Rhodesia ndi ku Nyasaland.

Phunziro 6: Mendulo ndi zolemba zake

Nkhondo ikatha, boma linkapereka mamendulo. Mndandanda wa oyenera kulandira unkachokera m'mabuku a ntchito. Amene sanalembedwe, kapena analembedwa molakwika, zinkamupita.

Mamendulo anali a mitundu itatu. Ena anali osonyeza kuti munthu anali nawo pa nkhondo yakutiyakuti. Ena anali a kulimba mtima. Ena anali a msilikali amene watumikira zaka zambiri ndi khalidwe labwino. Mlembi wokhulupirika ankayembekezera makamaka mtundu woyamba ndi wachitatu.

A Nkhondo ya Chiwaya odziwika ndi 1914-15 Star, British War Medal ndi Victory Medal. Pa mamendulo amenewa ankadindapo nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake. Pa ozungulira, zolembazo zili m'mphepete. Pa yooneka ngati nyenyezi, zili kumbuyo. Zilembo zake ndi zing'onozing'ono, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

A nkhondo yachiwiri, monga Africa Star ndi Burma Star, ambiri anaperekedwa opanda dzina. Umboni wa mwini wake uli m'kabuku ka malipiro ndi m'chikalata chotulukira ntchito.

Phunziro 7: Mendulo ya 1915

Mu Novembala 1914 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anadandaula kuti amphawi akufera nkhondo imene si yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana ovutika. Boma linaletsa kalatayo kufalikira.

Pa 23 Januwale 1915 iye ndi anthu ake anaukira. Pa 3 Febuluwale anaphedwa. Amene anathandiza boma kuthetsa kuukirako analandira mendulo ya Africa General Service, yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915.

Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu, ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. Apa tikuphunzira kuti mendulo imasonyeza amene boma la nthawiyo linamuthokoza. Siiweruza kuti wolondola anali ndani. Komabe tisanyoze agogo amene anaivala. Ambiri analowa usilikali chifukwa cha umphawi, msonkho, kapena lamulo la mfumu.

Phunziro 8: Nkhondo yachiwiri ndi ndalama zotsazikira

Nkhondo yachiwiri inayamba mu 1939 ndi kutha mu 1945. Asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Ataliyana ku Moyale mu 1940 ndi ku Ethiopia mu 1941. Anapita ku Madagascar mu 1942. Mu 1944 anakumana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma.

Msilikali ankatha kupatula gawo la malipiro ake kuti lipite kwa mkazi kapena mayi ake. Ndalamazo zinkalandiridwa ku ofesi ya DC. Mlembi wa kunkhondo ndi kalaliki wa ku boma ankayenera kugwirizana pa dzina, mudzi ndi mfumu.

Nkhondo itatha, asilikali analandira ndalama zotsazikira. Koma sizinali zofanana. Mzungu wa udindo wotsikitsitsa ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira. Wakuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa masheleni atatu ndi theka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti onse awiri anatumikira miyezi 40. Mzungu analandira masheleni 400, omwe ndi mapaundi 20. Wakuda analandira masheleni 140, omwe ndi mapaundi 7. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma malamulo a malipiro ankasankha. Alembi sindiwo anapanga malamulowo. Koma mabuku awo ndiwo akutionetsa tsankholo lero.

Phunziro 9: Mayina osungidwa ndi mayina otayika

Ku Zomba kuli chipilala cha KAR chokhala ndi wotchi pamwamba. Pa chipilalacho panalembedwa mayina a asilikali amene anafa pa Nkhondo ya Chiwaya. Ku Lilongwe kulinso chipilala china ku Area 18. Mwezi wa Novembala uliwonse dziko limakumbukira amene anafera kunkhondo, ndipo anthu amavala duwa lofiira pachifuwa.

Koma amtengatenga ambiri alibe manda odziwika. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Boma la Britain linapepesa chifukwa cha zimenezi.

Pamene dzina linalembedwa bwino, mdzukulu angathe kulondola agogo ake. Pamene silinalembedwe, mbiriyo yatsala m'mitu mwa akuluakulu okha. Mabuku akale a boma amasungidwa ku National Archives ku Zomba. Koma za m'mudzi mwathu tiyenera kuzilemba tokha, akuluakuluwo akadali moyo.

Mafunso okambirana

1. Kodi mlembi ankalemba zinthu ziti munthu akangolowa usilikali?
2. Kodi masheleni 60 ndi mapaundi angati?
3. N'chifukwa chiyani mayina a amtengatenga ambiri anatayika?
4. Kodi lero munthu amavutika bwanji ngati dzina lake lalembedwa mosiyana pa chiphaso cha unzika ndi ku banki?

Ntchito yokachita kunyumba

Funsani achikulire a m'mudzi mwanu za munthu amene anapita kunkhondo, kaya ndi wa mbali ino ya malire kapena wa ku Mozambique. Lembani dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi kumene anapita. Ngati pali mendulo kapena kabuku ka malipiro, pemphani chilolezo kwa eni ake kuti mukopere nambala ndi zilembo zonse. Musazitsuke ndi mchenga kapena phulusa, chifukwa zilembo zimafufutika. Mubweretse zimene mwalemba m'kalasi, kuti tipange buku la mayina a dera lathu.