Muyeso Umodzi wa Masamba a pa Intaneti

Sitima yocokera ku doko la Nacala imalowa m'Malawi osasintha mawilo. Cifukwa cake ncakuti njanji za maiko awiriwa zinayalidwa pa muyeso umodzi, mamilimita 1067 pakati pa zitsulo ziwiri. Ku Tanzania kuli njanji yakale ya mamilimita 1000. Sitima yathu singayende pamenepo.

Masamba amene timawerenga pa intaneti nawonso ali ndi miyeso yawo. Tiyeni tione m'mene inakhalira.

Masambawa, amene onse pamodzi amachedwa webu, anayambira ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva. M'caka ca 1989 Tim Berners-Lee wa ku Britain anaganiza njira yolumikizira zolembedwa za m'makompyuta osiyanasiyana. Mu 1993 CERN inalengeza kuti aliyense angathe kugwiritsa nchito njirayi osalipira.

Posakhalitsa makampani anayamba kulimbirana. Netscape inali ndi pulogalamu yake yotsegulira masamba, Microsoft inalinso ndi yake. Aliyense ankaonjezamo zinthu zimene pulogalamu ya mnzake sinkazimva. Tsamba looneka bwino kuno linkaoneka lophwasuka uko. Masamba ambiri ankacita kulemba dzina la pulogalamu imene wowerenga ayenera kukhala nayo. Njanji inali itayamba kugawika.

Berners-Lee anali ataiona kale ngoziyi. Mu 1994 anakhazikitsa bungwe la W3C pa sukulu yaukacenjede ya MIT ku America. M'bungweli makampani, masukulu ndi nthambi za maboma amakambirana, nthawi zina kwa zaka zambiri, mpaka atagwirizana za kalembedwe ka tsamba. Bungweli lilibe apolisi. Mphamvu yake ndi yakuti wokana muyeso amatsala yekha. Zinatenga zaka zoposa khumi kuti mapulogalamu ayambe kumvana bwino.

Panalinso vuto la zilembo, ndipo ili linatikhudza ife. Muyeso wakale wa ASCII, wa mu 1963, unali ndi malo 128 okha, okwanira Cingerezi basi. Munalibe ç kapena ã za Cipwitikizi. Munalibenso ŵ amene ena amalemba m'dzina lakuti Malaŵi. Munthu ankatumiza mau akuti Moçambique, koma kwa mnzake ankafika ndi cizindikiro cacilendo pakati. Mu 1991 kunabwera Unicode, muyeso umene umapatsa cilembo ciliconse nambala yakeyake. Cilembo ŵ cilimo, ndipo timagawana ndi anthu a ku Wales amene amacilembanso. Bungwe lina la miyeso, ISO, linapatsa cinenero cathu cizindikiro ca ny. Wolemba tsamba akaciika, kompyuta imadziwa kuti mau awa ndi a Cinyanja.

Nanga anzathu osaona ndi osamva? Mu 1999 W3C inatulutsa malangizo ochedwa WCAG. Anakonzedwanso mu 2008, ndipo ISO inawalandira mu 2012. Malangizowa si ovuta kumva. Cithunzi cikhale ndi mau ocifotokoza. Kanema akhale ndi mau olembedwa. Munthu wa manja ofooka athe kuyenda pa tsamba lonse ndi mabatani okha.

Munthu wosaona ali ndi pulogalamu imene imamuwerengera tsamba mokweza. Pulogalamuyi imawerenga mau, siona zithunzi. Apa mpamene ife olemba masamba timalakwa kawirikawiri, ndipo ndi ulesi cabe. Mpaka lero masamba ambiri satsata malangizowa. Wina amajambula pepala la cidziwitso ca nchito, nkuliika pa tsamba ngati cithunzi. Tsiku lomaliza kulembera lili momwemo. Pulogalamu ikafika pamenepo imangonena kuti pali cithunzi, kenaka nkupitirira.