Alvin York: msilikali wakumudzi amene adalimbana ndi chikumbumtima chake

Alvin Cullum York adali mlimi wa ku Pall Mall, mudzi wa m'mapiri a chigawo cha Tennessee m'dziko la America. Iwo amadziwika ngati mmodzi mwa asilikali otchuka kwambiri a dzikolo pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ngakhale kuti poyamba adapempha boma kuti lisawatumize kunkhondo chifukwa cha chikhulupiriro chawo.

Banja ndi ubwana wawo

A York adabadwa pa 13 Disembala 1887 m'kanyumba ka mitengo ka zipinda ziwiri, m'chigwa cha mtsinje wa Wolf. Adali mwana wachitatu mwa ana 11 a bambo William York ndi mayi Mary Brooks York. Kuchikazi, mtundu wawo umachokera kwa Conrad Pile, mlenje amene adali mmodzi mwa azungu oyamba kukhazikika m'chigwacho. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 anthu a m'derali adagawikana ndipo ankaphana okhaokha, ndipo mabanja a York ndi Brooks nawonso adataya abale awo.

Bambo awo adali mlimi, mlenje komanso wosula zitsulo. Banjali linkalima chakudya chake, ndipo ndiwo ya nyama inkachokera kuuzimba. Pa chifukwa ichi Alvin adaphunzira kuwombera mfuti akadali mwana, koma kusukulu adangopitako miyezi pafupifupi 9 m'moyo wawo wonse. Bambo awo atamwalira m'chaka cha 1911, udindo wosamala mayi ndi ana aang'ono udagwera iwo, popeza akulu awo awiri adali atakwatira n'kuchoka pakhomo. Adagwira ntchito yokonza njanji ndi yodula mitengo. Pa zaka zimenezi adalowerera m'kumwa mowa, juga ndi ndewu, mpaka mnzawo wapamtima adaphedwa pa ndewu ya pamowa.

Kutembenuka mtima ndi funso la nkhondo

Pa 1 Januwale 1915 a York adatembenuka mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso, kenaka adalowa mpingo waung'ono wa Church of Christ in Christian Union. Adasiyiratu mowa, nayamba kutsogolera nyimbo ndi kuphunzitsa ana m'tchalitchi.

Dziko la America litalowa nkhondo m'chaka cha 1917, iwo adalembedwa usilikali mwalamulo. Adapempha kuti asatumizidwe kunkhondo, pokhulupirira kuti lamulo la Mulungu loletsa kupha munthu silisiya mpata. Pempho lawo lidakanidwa, chifukwa boma silidawerenge mpingo wawo m'gulu la mipingo yodziwika ndi chiphunzitso chokana nkhondo. Choncho mu Novembala 1917 adapita ku Camp Gordon ku Georgia.

Kumeneko akuluakulu awo, Kaputeni Edward Danforth ndi Meja Gonzalo Edward Buxton, sadawalange. M'malo mwake adakhala nawo pansi n'kumakambirana Malembo Oyera, kuphatikizapo mutu 33 wa buku la mneneri Ezekiele, umene umanena za udindo wa mlonda pa moyo wa anthu ake. Atatero adawapatsa masiku 10 kuti akalingalire kumudzi. A York adakapemphera paphiri la kwawo, ndipo adabwerera atatsimikiza kuti kumenya nkhondo poteteza ena sikutsutsana ndi chikhulupiriro chawo.

Zimene zidachitika pa 8 Okutobala 1918

Tsikuli gulu lawo lidali m'nkhalango ya Argonne ku France, pafupi ndi mudzi wa Chatel-Chéhéry. Asilikali 17, motsogozedwa ndi Sajeni Bernard Early, adatumidwa kukazembera kumbuyo mfuti zachiwaya za asilikali a dziko la Germany. Adagwira adani angapo mowadzidzimutsa, koma mfuti za pamtunda zidatembenuzidwira kwa iwo. Asilikali 6 adafa ndipo 3 adavulala, kuphatikizapo a Early. Utsogoleri udatsalira a York, amene pa nthawiyo adali kopolo, pamodzi ndi anzawo 7.

Pamene ena ankalondera akaidi, a York adalimbana ndi adani a pamtundawo, napha ambiri, kufikira mkulu wa asilikali a Germany, Paul Vollmer, adavomera kugonja. Gululi lidabwerera ndi akaidi 132. A York adakwezedwa kukhala sajeni ndipo adalandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba koposa ya usilikali ku America, komanso Croix de Guerre ya dziko la France. Ena mwa anzawo adadandaula kuti ulemu wonse wapita kwa munthu mmodzi, ndipo a Early adalandira mendulo yawo patapita zaka 11, m'chaka cha 1929.

Kubwerera kumudzi

Atabwerera kwawo mu 1919, amalonda ndi opanga kanema adawalonjeza ndalama zambiri kuti agwiritse ntchito dzina lawo, koma iwo adakana kulemera chifukwa cha nkhondo. Pa 7 Juni 1919 adakwatira Gracie Williams, mtsikana wa m'mudzi momwemo, ndipo ukwatiwo adaumangitsa ndi bwanamkubwa wa Tennessee, Albert Roberts. Banjali lidabereka ana 10, koma ena adamwalira ali makanda. Mwana wawo wina adamutcha dzina la Meja Buxton, amene adawathandiza pa nthawi ya kukayika kuja.

Bungwe la Rotary la ku Nashville lidawagulira munda wa maekala 400, koma zopereka sizidakwane msanga, ndipo a York adavutika ndi ngongole. Ngakhale zidali choncho, mtima wawo udali pa ana a m'mapiri amene, monga iwo, adalibe mwayi wa sukulu. Adayendayenda m'dziko kupempha thandizo, ndipo mu 1929 sukulu ya York Agricultural Institute idatsegulidwa ku Jamestown. Pa zaka za mavuto a zachuma adafika poika munda wawo chikole kuti sukuluyo isatsekedwe. Boma la Tennessee lidayamba kuiyendetsa mu 1937.

Patapita zaka zambiri akukana, adalola kuti moyo wawo uonetsedwe pa kanema, pofuna ndalama zomangira sukulu ya Baibulo. Kanemayo, Sergeant York, adatuluka mu 1941, ndipo Gary Cooper adapambana naye mphotho ya Oscar. Ndalama zake zidabutsa mkangano wautali ndi a zamisonkho, umene udatha anthu atasonkha ndalama zowathandiza mu 1961.

Zaka zotsiriza

M'chaka cha 1954 a York adadwala matenda opha ziwalo ndipo adakhala pamphasa zaka 10. Adamwalira pa 2 Seputembala 1964 m'chipatala cha asilikali akale ku Nashville, ali ndi zaka 76, ndipo adaikidwa m'manda a Wolf River kumudzi kwawo. Mayi Gracie adamwalira mu 1984 ndipo adaikidwa pambali pawo. Munda ndi nyumba yawo zidasandutsidwa malo a mbiri osungidwa ndi boma la Tennessee. Iwo eni ankafuna kukumbukiridwa makamaka chifukwa cha sukulu imene adamangira ana a kwawo.